Momwe mungasankhire mmene app yanu izimumvetsa munthu mumtima, musanayambe kujambula mabatani

Anthu amene angoyamba kumene za UX (chidule cha user experience, zomwe munthu amadutsamo ndi kumva akamagwiritsa ntchito chinthu ngati app) akandipeza mafunso awo amakhala a mitundu ndi mafonti basi, eti batani likhale lozungulira kapena la makona, buluu uja ndimuike pati. Ine ndimawabweza kaye. Musanatsegule Figma, pulogalamu yojambulira maonekedwe a app, pali pepala limodzi lomwe mukuyenera kulemba, ndipo papepalapo pamakhala yankho la funso limodzi lokha: munthu akamagwiritsa ntchito chinthu chathuchi tikufuna azimva bwanji mumtima, komanso pa nthawi iti yeniyeni. Mawu oti user experience anawatchukitsa ndi Don Norman, katswiri wa kapangidwe ka zinthu, ali ku Apple cha mu 1993, ndipo iyeyo sankanena za sikirini yokha ayi, ankanena zonse zomwe munthu amadutsamo ndi chinthucho kuyambira tsiku lochiona koyamba mpaka tsiku lomwe chavuta ndipo akufuna thandizo. Mu 2004 anadzafotokozanso kuti kumva kwa munthu kuli patatu: pali zomwe umamva ukangochiona chinthu usanaganize nkomwe, pali zomwe umamva uli mkati mochigwiritsa ntchito, ndiye pali zomwe zimatsala m'mutu pambuyo pake ukamachikumbukira kapena kuuzako anzako. Ambirife timathera mphamvu zonse poyambapo chifukwa ndi pomwe bwana amaona msanga.

Ndikuyesa kuti anthu omwe mukuwapangira chinthucho mukuwadziwa kale, za mmene mungawapezere sinditayirapo nthawi. Choyamba ndi kukhala nawo pansi. Musawafunse kuti mungakonde app yotani, funso limenelo aliyense amayankha kuti yosavuta komanso yachangu, mubwerako opanda kanthu. Afunseni za ulendo womaliza omwe anachita chinthucho, kaya kutumiza ndalama, kaya kusungitsa malo kwa dokotala, akufotokozereni kuyambira pachiyambi, anali kuti, foni inali ndi chaji yochuluka bwanji, ndani ankawadikirira. Akamafotokoza inu muzitchera khutu pa mawu ngati "mtima unali m'mwamba", "ndinachita manyazi", "ndinangoti kaya", ndipo muwalembe ndendende mmene awanenera osawakongoletsa. Kujambula mawu pafoni kumathandiza bola mwapempha chilolezo.

Apa ndichenjezeko pang'ono. Pali makampani ena omwe amalonjeza kukupezerani anthu oti muwafunse mafunso, amalipiritsa mokwera ndithu, koma ena mwa iwo amangozungulira ndi anthu omwewo omwewo amene anazolowera kuyankha zomwe wofunsa akufuna kumva. Ine anandibweretserapo munthu yemwe ankati amagwiritsa ntchito app yathu tsiku lililonse, nditamupempha kuti aitsegule tinapeza kuti mufoni mwake mulibemo. Muziwapempha atsegule foni muone nokha.

Mukamaliza tengani pepala lalikulu mujambule mzere kuchokera pomwe munthu wayambira mpaka pomwe wamalizira, ndiye muziika kadontho m'mwamba pomwe mtima unali bwino, pansi pomwe unavuta. Sizifuna pulogalamu yolipira mwezi ndi mwezi, cholembera ndi timapepala tomata tija zakwana.

Tsopano pomwe ine ndinagwa ndi pa sitepe yosankha mawu, ndipo ndikhalitsapo chifukwa zinatidyera miyezi iwiri. Tinkapanga app yotumizira ndalama ya kampani ina. Tinakhala mu miting'i anthu asanu ndi awiri, aliyense akuponya mawu pa bolodi, pamapeto tinatsala ndi atatu: yamakono, yosavuta, yosangalatsa. Tonse tinatuluka okhutira. Chomwe sitinaone ndi choti mawu atatu onsewo akufotokoza app, palibe ngakhale limodzi lomwe likufotokoza munthu wagwira foni uja. Palibe munthu amamva "yamakono" mumtima. Ndiye poti "yosangalatsa" ndi lomwe linkaoneka lapafupi ndi mtima, tinathamangira lomwelo, tinaika kachidole kovina pomwe ndalama zikupita, timawu tanthabwala tikusinthana pansi pake, ndalama zikafika timapepala tamitundumitundu tikugwa pa sikirini. Mu ofesi pa intaneti yothamanga zonsezi zinkatha mu sekondi imodzi ndipo zinkakongola zedi.

Kunja zinali zina. Netiweki ikafooka kachidole kaja kankavina masekondi 8, nthawi zina 15, munthu ndalama zachoka kale m'maganizo mwake koma sakudziwa ngati zafika, ndipo chomwe foni ikumuonetsa ndi nthabwala. Ena ankadinanso batani kachiwiri, ena ankatseka app yonse n'kuyambiranso, ndiye mafoni odandaula anayamba kuchuluka. Tsiku lomwe ndinamvetsa bwino ndi pomwe ndinakhala pambali pa mayi wina wachikulire tikuyesa app, anadina kutumiza, kachidole kanayamba kuvina, iwo anangoti chete nkhope yasintha kenako anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, ndalama zanga zili kuti panopa?" Ndinalibe choyankha chifukwa sikirini yomwe ndinajambula ndekha sinkanena chilichonse za ndalama zawo. Zinandipweteka kwambiri, mayi aja anatikhulupirira ndi ndalama zomwe anazivutikira ndipo ife tinawasiya ali ndi mantha pa nthawi yomwe ankafunikira kulimbitsidwa mtima. Ndipo chowawa china n'choti mawu oti "mtima unali m'mwamba" analimo kale m'manotsi anga a mafunso aja, anthu anayi osiyana anawanena, koma mu miting'i sitinatsegule nkomwe manotsiwo.

Jakob Nielsen, katswiri wina wa UX, analemba kale mu 1993 za malire atatu a kudikira: chinthu chikayankha mkati mwa sekondi 0.1 munthu amaona ngati chachitika pompopompo, mpaka sekondi imodzi maganizo ake sanaduke, koma zikapitirira masekondi 10 maganizo achoka ndipo akufunika kuuzidwa zomwe zikuchitika. Ife tinali m'malire achitatuwo tikuvinitsa chidole.

Kuchokera nthawi imeneyo sindilolanso mawu amodzi okha pa bolodi. Ndimalemba chiganizo chathunthu chokhala ndi zinthu zitatu, nthawi yake, chomwe munthu azimva, ndi chomwe asamve. Cha app ija chinadzakhala chonchi: "Ndikadina kutumiza mpaka ndalama zitafika, mtima wanga ukhale m'malo, ndisamadzifunse ngati ndalakwitsa nambala kapena ngati zasowa panjira." Onani kuti chalembedwa ngati akuyankhula ndi munthuyo osati kampani. Mbali ya chomwe asamve ija musaidumphe, ndi imene imathetsa mikangano mu timu, chifukwa wina akabwera ndi ganizo lokongola mumangofunsa kuti kodi ichi chikuchotsa mantha aja kapena chikuwonjezera. Ziganizo zoterezi zisapitirire zitatu pa chinthu chonse. Mukalemba khumi ndiye kuti simunasankhe, ndipo anthu ojambula ndi olemba code adzangotolapo chomwe chawakomera.

Nanga nthawi zitatuzo muzisankha bwanji pa mzere wautali uja? Ine ndimatenga pomwe kadontho katsika kwambiri, pomwe munthu walakwitsa china chake, ndi pomalizira. Izi zili ndi maziko ake. Mu 1993 Daniel Kahneman, katswiri wa kaganizidwe ka anthu, ndi anzake anauza anthu kuti aviike dzanja m'madzi ozizira a madigiri 14 kwa masekondi 60, ulendo wina anaviikanso masekondi 60 omwewo kuonjezerapo ena 30 pomwe madziwo ankafunditsidwa pang'ono chabe kufika pa 15. Atafunsidwa kuti abwereze uti, ambiri anasankha wautaliwo ngakhale ululu wake unali wochuluka, chifukwa unatha bwinoko. Munthu sakumbukira ulendo wonse mofanana, amasunga pomwe zinafika pachimake ndi mmene zinathera. Ndiye ngati nthawi ndi ndalama za pulojekiti zili zochepa, zithereni pamenepo, sikirini ya "za ife" ikhoza kudikira.

Mukakhala ndi ziganizo zanu, chilichonse muchisandutse zinthu zooneka ndi zogwirika. Kwa ife "mtima ukhale m'malo" zinatanthauza kuti munthu asanadine komaliza aone dzina la wolandira m'zilembo zikuluzikulu pamodzi ndi ndalama zonse zomwe zichoke kuphatikizapo yomwe kampani imadulapo, batani lizime likangodinidwa kamodzi, podikira pazilembedwa mawu achindunji oti talandira pempho lanu, musadinenso, tikudikira yankho, ndipo pomaliza pabwere lisiti yokhala ndi nambala yoti angaisunge kapena kuitumiza kwa wolandirayo. Chidole tinachotsa. Timapepala togwa tija tinasiya koma tochepa, ndipo timabwera lisiti itaoneka kale. Mameseji a zolakwika tinawalembanso onse, paliponse pomwe pankangoti zakanika tinayamba ndi kunena kaye kuti ndalama zanu sizinachoke, kenako chifukwa chake, kenako chochita.

Za ma templeti ogula, samalani. Pali anthu pa intaneti ogulitsa ma UI kit (mabatani ndi masikirini ojambulidwa kale) omwe anangokopera zaulere za ena n'kusintha mitundu, laisensi yake osaoneka, ndipo ngakhale yabwinobwino imabwera ndi mamvekedwe akeake omwe anapangira chinthu china. Yathu ya chidole ija tinachita kugula. Komanso mukapeza katswiri wolonjeza kuti akuchulukitsirani makasitomala poika wotchi yabodza yowerenga nthawi chotsitsa, kapena kubisa batani lotulukira, kapena kulemba batani lokanira m'mawu ochititsa munthu manyazi, mukaneni. Harry Brignull anazipatsa dzina loti dark patterns mu 2010. Zimagwira ntchito kwa kanthawi inde, koma munthu amatsala akumva kuti wapusitsidwa, ndipo chimenecho ndi chomwe amakauza anzake.

Kuyesa ngati mwakwanitsa sikovuta. Musamufunse munthu kuti mwamva bwanji, amangoti bwino pofuna kukulemekezani. Ku Microsoft mu 2002 Joey Benedek ndi Trish Miner anapanga makadi 118, lililonse lili ndi liwu limodzi kapena mawu ochepa, ena abwino ena oipa, munthu akamaliza kugwiritsa ntchito chinthu amasankhapo asanu omwe akugwirizana ndi zomwe wadutsamo kenako n'kufotokoza chifukwa chake. Mndandandawo umapezeka mwaulere. Ine 118 amandichulukira, ndimasankhapo pafupifupi 30, ndimawalemba m'chiyankhulo chomwe anthuwo amayankhula kunyumba, ndipo ndimaonetsetsa kuti oipa alimo okwanira ngati "zosokoneza", "zochititsa mantha", "zachibwana", kuti munthu asachite manyazi kuloza. Phindu lenileni lili pa kufotokozako osati pa kuwerenga makadi. Anthu asanu pa ulendo umodzi amakwana kuti muone mavuto akuluakulu, Nielsen yemwe uja analimbikitsa zimenezi mu 2000, koma muyese pafoni yotchipa ndi netiweki yofooka, osati pa kompyuta ya mu ofesi.

Zotsalazo ndi zachizolowezi. Ziganizo zitatu zija zimateni pakhoma, zilowenso mu tikiti iliyonse ya ntchito (kalata yofotokoza zoti zipangidwe) kuti olemba code azione, ndipo olandira mafoni a makasitomala apatsidwenso chifukwa nawonso ndi mbali ya chinthucho. Mabwana akafuna manambala, yang'anani njira ya HEART yoyezera mmene anthu akukhutira ndi chinthu komanso mmene akuchigwiritsira ntchito, yomwe anthu a ku Google anatulutsa mu 2010, koma ife tinangowerenga anthu odina kawiri ndi mafoni ofunsa ngati ndalama zafika, sabata ndi sabata. Mukaonjezera chinthu chatsopano mu app bwererani kwa anthu asanu ena ndi makadi omwe aja.