Momwe mungathetsere nthata pa mphaka wokhala m'nyumba muno mu Harare

Anthu ambiri amene amasunga mphaka m'mafulati a ku Avenues kapena m'nyumba za ku Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa amadabwa akapeza nthata pa mphaka amene sapondako panja. Komatu nthata zili ndi njira zambiri zolowera. Zimabwera ndi galu wapakhomo, ndi makoswe a m'siling'i, ndi amphaka oyendayenda amene amagona pakhonde usiku, ndiponso ndi kapeti kapena sofa yogula kwa munthu wina. Nthawi zina zimakhala zili kale m'nyumba imene mwangosamukiramo, zikudikira m'ming'alu ya pansi kuchokera pamene mwini wake wakale anachoka ndi ziweto zake.

Chofunika kuchimvetsa musanagule mankhwala alionse n'chakuti nthata zimene mukuziona pathupi pa mphaka ndi gawo lochepa kwambiri la vuto lonse. Kawirikawiri akatswiri a ziweto amawerengera kuti pa nthata 100 zilizonse za m'nyumba, pafupifupi 5 zokha ndi zimene zili zazikulu pa chiweto, pamene zina 95 zili pansi monga mazira, mphutsi ndi zikwa. Nthata yaikazi imayamba kuikira mazira patangotha tsiku limodzi kapena awiri itayamwa magazi koyamba, ndipo imatha kuikira mazira 40 mpaka 50 pa tsiku. Mazirawo ndi oterera, samamatira ku ubweya, choncho amayoyokera paliponse pamene mphaka wagona. Pakapita masiku ochepa amaswa timphutsi toyera timene timathawa kuwala n'kukabisala m'kapeti, m'mphepete mwa khoma ndi m'mipata ya matabwa, ndipo kumeneko timadya ndowe za nthata zazikulu. Kenako kamphutsi kalikonse kamadzikulunga m'chikwa, ndipo m'chikwamo nthata imatha kukhala miyezi ingapo osafa, mpaka itamva kutentha kwa thupi, mpweya wopuma kapena kugwedezeka kwa pansi. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, kutentha ndi chinyezi zimachititsa kuti zonsezi zitheke m'milungu iwiri kapena itatu yokha. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi zimachepa chifukwa mphutsi sizipirira mpweya wouma, koma sizitheratu, popeza pansi pa bedi ndi kuseri kwa sofa kumakhalabe kofunda.

Choyamba, tsimikizani kuti ndi nthatadi

Mphaka amadzinyambita kwambiri ndipo amameza nthata zambiri, moti mukhoza kufunafuna osaona ngakhale imodzi. Muimikeni pa pepala loyera, ndipo mumupese ndi chipeso cha mano othithikana, makamaka m'khosi, pamsana chakumchira ndi kumimba. Tizinthu takuda tonga fumbi la tsabola timene tigwere papepalapo mutidonthezere madzi pang'ono. Ngati tasungunuka n'kusiya banga lofiirira, zimenezo ndi ndowe za nthata, ndipo kufiirako ndi magazi a mphaka wanu. Dothi wamba silisintha mtundu choncho.

Yang'ananinso nkhanambo zing'onozing'ono m'khosi ndi pamsana, malo amene ubweya wasosoka, ndi zilonda zodzikanda. Amphaka ena thupi lawo limadana ndi malovu a nthata, kotero kuti kulumidwa kangapo kokha kumawabweretsera kuyabwa kwa masiku ambiri. Anthu a m'nyumba nawonso amayamba kudandaula za totupa toyabwa mu akakolo. Ngati pakhomo pali nkhuku, onani m'mphepete mwa makutu a mphaka, chifukwa utitiri wa nkhuku umakanirira pamenepo osasuntha, ndipo zikatero khola la nkhuku nalonso liyenera kusamalidwa.

Pa kamphaka kakang'ono, tsegulani kukamwa muone nkhama. Zikakhala zotuwa m'malo mofiirira, ndipo kamphakako kali kofooka, ndiye kuti magazi achepa kwambiri. Pamenepo musadikire mawa, pitani nako kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, chifukwa nthata zimapha ana a mphaka.

Chachiwiri, dziwani zimene simuyenera kumupaka

Apa ndikufuna kuchedwapo, chifukwa amphaka ambiri amavulazidwa ndi eni ake amene ankafuna kuwathandiza. Chiwindi cha mphaka sichitha kuchotsa m'thupi mankhwala ena amene galu kapena ng'ombe zimapirira bwinobwino. Oopsa kwambiri ndi permethrin, amene amapezeka m'mankhwala ambiri odonthezera agalu. Mphaka akadonthezeredwa mankhwala a galu okhala ndi permethrin, ngakhale pang'ono chabe, amayamba kuchucha dovu, kunjenjemera, kuyenda dzandidzandi ndi kuphupha ngati wakhunyu, ndipo akhoza kufa. Ngakhale kungogona limodzi ndi galu amene wangodonthezeredwa kumene n'kokwanira kumudwalitsa, choncho ziweto ziwirizo zipatulidwe kwa masiku atatu.

Dibi wa ng'ombe, amene ambiri timabwera naye kuchokera kumudzi kapena kugula m'masitolo a alimi, si wa mphaka, kaya mwamusungunula ndi madzi ochuluka bwanji. Chimodzimodzinso palafini, mankhwala opopera mphemvu ndi udzudzu, mafuta a tea tree, adyo, komanso mankhwala okolopera okhala ndi phenol monga Jeyes Fluid. Mankhwala okolopera amenewa amavulaza mphaka ngakhale atangoponda pansi ponyowa kenako n'kunyambita mapazi. Ufa wogulitsidwa m'timapepala topanda dzina m'mphepete mwa msewu muusiye, chifukwa palibe angakuuzeni zimene zili m'katimo, ndipo dokotala amavutika kuthandiza mphaka amene sizikudziwika kuti wapakidwa chiyani.

Ngati ngozi yachitika kale, sambitsani mphakayo msanga ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, mumupukute, mumufunditse, ndipo muthamange naye kwa dokotala mutatenga paketi ya mankhwalawo. Mkaka kapena mafuta ophikira sizichotsa poizoni ameneyu.

Chachitatu, perekani mankhwala oyenera ku ziweto zonse tsiku limodzi

Muyezeni kaye mphaka kulemera kwake. Njira yosavuta ndi kukwera pasikelo mutamunyamula, kenako kukwera nokha, n'kuchotsera. Gulani mankhwala kwa dokotala wa ziweto kapena m'sitolo yodziwika ya mankhwala a ziweto, ndipo onetsetsani kuti papaketi palembedwa kuti ndi a mphaka, tsiku lake silinadutse, ndiponso ndi ovomerezeka muno mu Zimbabwe. Amene ndalama zawavuta angafunse ku SPCA ya mu Harare, bungwe loteteza ziweto ku nkhanza, za thandizo limene lilipo.

Mankhwala odonthezera pakhosi okhala ndi fipronil, imidacloprid kapena selamectin amabwerezedwa mwezi ndi mwezi. Okhala ndi fluralaner amagwira ntchito milungu 12, ndipo ngakhale amadula pogula, amathandiza munthu amene amaiwala masiku. Palinso piritsi la nitenpyram limene limayamba kupha nthata pakangotha mphindi 30, koma mphamvu yake imatha pafupifupi tsiku limodzi, choncho ndi lothandiza kupepukitsa mphaka amene wadzadzidwa kwambiri, osati kuteteza kwa nthawi yaitali. Mankhwala alionse ali ndi msinkhu ndi kulemera kumene amayambira. Odonthezera a fipronil, mwachitsanzo, amayambira pa kamphaka ka milungu 8 kolemera kilogalamu imodzi. Kwa tiana tochepera pamenepo, kwa mphaka wa bere, woyamwitsa kapena wodwala, funsani dokotala musanachite kanthu, ndipo podikirapo muzipesa ndi chipeso tsiku lililonse n'kumamiza nthata zimene mwagwira m'madzi a sopo.

Podontheza, patulani ubweya kumbuyo kwa khosi pafupi ndi mutu, pamalo amene lilime la mphaka silifika, mpaka khungu lioneke, ndipo mufinyire mankhwala onse pakhungu penipeni. Akathera paubweya ndiye kuti ndalama zatayika. Musamusambitse kwa masiku awiri asanalandire mankhwala ndi masiku awiri atalandira, ndipo amphaka amene amanyambitana muwapatule mpaka pamalopo pauma. Ana asamugwire pakhosi tsiku limenelo. Musagawe kabotolo kamodzi ka chiweto chachikulu kwa amphaka awiri pongoyerekeza ndi maso.

Galu wapanja nayenso alandire mankhwala ake tsiku lomwelo, ngakhale sakudzikanda, chifukwa nthata ya mphaka ndi yomweyo imene imakhala pa agalu ambiri. Amene amaweta akalulu asamale kwambiri, popeza fipronil amapha akalulu. M'nyumba zimene mabanja angapo amakhala pabwalo limodzi, kambiranani ndi anansi kuti ziweto zonse zilandire mankhwala sabata imodzi, apo ayi nthata zizingochoka khomo ili n'kulowa khomo linalo.

Chachinayi, limbanani ndi za pansi

Ntchito yaikulu ili pano. Yendani m'nyumba muzindikire malo onse amene mphaka amagona: pa sofa, pawindo, m'basiketi ya zovala, pansi pa bedi, pamwamba pa wadiropu. Mazira ambiri ali pamenepo. Zofunda zake, zovundikira makushoni ndi mabulangete amene amagonapo zichapidwe m'madzi otentha kufika madigiri 60, kamodzi pa sabata. Wopanda makina ochapira awiritse madzi, anyike nsaluzo m'beseni, achape, kenako ayanike padzuwa mpaka ziume gwa. Dzuwa la Okutobala limathandiza kwambiri pa makapeti ang'onoang'ono ndi mikeka, chifukwa mphutsi zimafa ndi kuuma. Katoni kapena chinsanza chakale chimene mphaka amagonapo ndi bwino kungochitaya.

Amene ali ndi huva (makina oyamwa fumbi) aigwiritse ntchito tsiku lililonse pamene magetsi alipo kwa milungu iwiri yoyambirira, kenako kawiri kapena katatu pa sabata. Musamangodutsa pakati pa chipinda. Sunthani mipando, lowetsani paipi m'mipata ya sofa, tsatani m'mphepete mwa khoma, ndipo fumbilo mulimange m'pulasitiki n'kukalitaya panja nthawi yomweyo. Nyumba zambiri zakale za ku Avondale, Mabelreign ndi mafulati a m'tauni zili ndi pansi pa timatabwa ta parquet, ndipo mipata ya pakati pa timatabwato ndi malo amene mphutsi zimakonda koposa, makamaka pamene tina tamasuka. Kugwedeza kwa huva kuli ndi phindu lina, chifukwa kumadzutsa nthata zimene zili m'zikwa kuti zituluke n'kukakumana ndi mankhwala.

Nyumba za simenti yopaka polishi ndi zosavuta. Sesani mosamala mpaka m'makona, tolani zinyalalazo osati kungozikankhira pakhonde, kolopani ndi madzi a sopo wamba, ndipo ming'alu ya pansi muimate ndi simenti.

Nthata zikachuluka moti zikudumphira m'miyendo ya anthu, pamafunika mankhwala opopera m'nyumba opangidwira nthata, makamaka okhala ndi methoprene kapena pyriproxyfen, amene amalepheretsa mazira ndi mphutsi kukula. Ambiri mwa mankhwala amenewa alinso ndi zinthu za gulu la permethrin, choncho tulutsani mphaka, ana, chakudya ndi mbale zake, poperani pansi ndi pansi pa mipando, tsekani zitseko kwa nthawi imene yalembedwa pachitini, kenako tsegulani mawindo. Mphaka abwerere pokhapokha paliponse pauma. Mukaitana akatswiri opopera, auzeni poyamba kuti m'nyumbamo muli mphaka. Ngati usiku mumamva makoswe m'siling'i, tsekani mabowo ndi kutchera misampha, osati poizoni, chifukwa mphaka akhoza kudya khoswe amene wafa ndi poizoniyo.

Chachisanu, musaiwale njoka za m'mimba

Mphaka akameza nthata podzinyambita amatha kutenga nyongolotsi yaphanthiphanthi yotchedwa Dipylidium caninum. Chizindikiro chake ndi tizidutswa toyera tonga njere za mpunga pansi pa mchira kapena pamalo ogona. Mankhwala ake ndi okhala ndi praziquantel, ndipo si mankhwala onse a njoka amene ali nawo, choncho werengani paketi. Ndowe za nthata zimanyamulanso kachilombo ka Bartonella henselae, kamene kamalowa mwa munthu kudzera m'chilonda cha zikhadabo za mphaka n'kutupitsa mwanabele. Pokandidwa pazitsukidwa ndi sopo nthawi yomweyo, makamaka kwa ana ndi kwa anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika.

Chachisanu ndi chimodzi, pitirizani kwa miyezi itatu

Ambiri amagwa mphwayi pa sabata yachiwiri kapena yachitatu, akaona nthata zatsopano pa mphaka amene anamudonthezera kale mankhwala, ndipo amaganiza kuti mankhwala ndi achinyengo. Nthawi zambiri si choncho. Zimenezo ndi nthata zimene zinali m'zikwa, kumene mankhwala opopera safika, ndipo zikadumphira pa mphaka wotetezedwa zimafa pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Pa chifukwa chimenechi musatsekere mphaka m'chipinda chimodzi. Musiyeni ayende m'zipinda zonse zimene ankalowamo, kuti nthata zotsalazo zituluke n'kufera pa iye. Chipinda chimene chatsekedwa chimasunga zikwa zake mpaka tsiku limene mudzachitsegule.

Musabwereze mankhwala tsiku lake lisanakwane, ndipo musasakanize mitundu iwiri popanda kufunsa dokotala. Lembani tsiku lodontheza pakalendala kapena mufoni, pesani mphaka papepala loyera kamodzi pa sabata, ndipo muone ngati tinthu takuda tija tikuchepa. Ngati papita miyezi itatu mukuchita zonsezi koma nthata zidakalipo, bwererani kwa dokotala wa ziweto kuti asinthe mtundu wa mankhwala, ndipo mufufuzenso pakhonde, m'galaja, m'galimoto ndi pansi pa thanki ya madzi, kumene amphaka oyendayenda amakonda kugona. Pakhomo pamene pali galu kapena amphaka a anansi amafika pafupipafupi, ndi bwino kupereka mankhwala chaka chonse, kapena kuyambiranso mu Okutobala mvula isanagwe.