Mmene Mungadonthezere Mankhwala a Glaucoma M'maso

Glaucoma imawononga mtsempha umene umatumiza ku ubongo zonse zimene diso laona. Mtsemphawu uli ndi timinyewa toposa 1 miliyoni, ndipo kakafa kamodzi sikameranso. Ofufuza akuyesa kudzutsa timinyewa tofooka pogwiritsa ntchito magetsi ochepa kwambiri odutsa pazikope, koma njirayi idakali yoyeserera.  Kwa wodwala glaucoma, chithandizo chotsimikizika ndi kutsitsa kupanikizika kwa madzi a m'diso, komwe mwa anthu ambiri kumakhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg. Apa mpamene dontho la mankhwala otsitsa kupanikizikaku limafunika kugwera pamalo pake.

Sambani m'manja ndi sopo. Khalani pansi mutu mutaupendeketsa chakumbuyo, kapena gonani chagada. Ndi chala cha mkombaphala kokerani pansi chikope cha m'munsi kuti pachite kathumba, kenako yang'anani kumwamba. Botolo likhale masentimita awiri pamwamba pa diso, mlomo wake usakhudze diso kapena nsidze, chifukwa umatola tizilombo. Ngati manja amanjenjemera, gonani, tsinzinani, donthezani pakona ya diso yakumphuno, ndiye tsegulani kuti mankhwala alowe okha.

Dontho limodzi ndi lokwanira. Lachiwiri limangotsikira patsaya, botolo n'kutha msanga.

Mukadontheza musaphethire ndipo musafinye zikope. Tsinzinani mofatsa, dinikizani pang'ono pakona ya diso yakumphuno ndi nsonga ya chala, mukhale choncho mphindi ziwiri. Ambiri amadumpha zimenezi, chonsecho n'zofunika kwambiri. Pakona imeneyi pali kanjira kamene misozi imatsikira m'mphuno. Mukakasiya kotsegula, mankhwala amathawira komweko, n'chifukwa chake ena amamva kuwawa kukhosi akangodontheza, ndipo kuchokera m'mphuno amalowa m'magazi. Kwa amene akudontheza timolol nkhaniyi ndi yaikulu, pakuti mankhwalawa amachedwetsa kugunda kwa mtima ndipo amatha kudzutsa mphumu. Ngati muli ndi mphumu kapena vuto la mtima, dokotala adziwe musanayambe.

Ngati mwapatsidwa mabotolo awiri, dikirani mphindi zisanu musanadontheze lachiwiri, apo ayi lidzatsuka loyambalo. Mankhwala opaka akhale omalizira. Mankhwala odontheza otchedwa latanoprost ndi a kamodzi patsiku, madzulo, ndipo kuwonjezera maulendo kumachepetsa mphamvu yake. Amatha kutalikitsa nsidze ndi kudetsa khungu la pachikope, choncho pukutani zotsalira. Botolo lake losatsegula limasungidwa m'firiji pa madigiri 2 mpaka 8. Lembani pa botolo tsiku limene mwatsegula, popeza mankhwala ambiri a m'maso amatayidwa pakatha milungu inayi. Tsatirani zimene kapepala ka m'bokosi kanena. Mukaiwala kudontheza, musabwezere ndi madontho awiri.

Cholakwa chomvetsa chisoni ndi kusiya mankhwala poona kuti diso silikupweteka. Mtundu wofala wa glaucoma supweteka n'komwe. Umayamba kudya kuona kwa m'mbali, munthu n'kumagunda mafelemu a zitseko asakudziwa chifukwa chake. Mankhwala sabwezeretsa zotayika, amateteza zimene zatsala. Pewaninso kudontheza mankhwala monga dexamethasone popanda dokotala, chifukwa kwa ena amakweza kupanikizika kuja.

Ngati kudontheza kukukanika, funsani za chithandizo cha laser (kuwala kwamphamvu kolunjikitsidwa m'diso) chotchedwa SLT. Kafukufuku wa LiGHT wa ku Britain, wofalitsidwa mu 2019, anasonyeza kuti odwala ambiri oyamba ndi laser anakhala zaka zitatu osafuna madontho. Koma diso likafiira mwadzidzidzi, kupweteka kwambiri, mukusanza ndi kuona utawaleza pozungulira nyali, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.