Injini ya makina otchetchera udzu pa bwato: malangizo kwa asodzi a ku Chilwa

Funso limene ndakhala ndikulandira kawirikawiri padoko la Kachulu ndi lakuti: kodi injini ya makina aja otchetchera udzu ingayendetse bwato? Inde abale anga, imayendetsa. Koma ndi ya bwato laling'ono la munthu mmodzi kapena awiri, pamadzi odekha. Si ya boti lonyamula anthu ndi katundu kupita ku Chisi.

Injini zimenezi ndi zazing'ono, zambiri zimayambira pa 25cc kulekeza cha pa 52cc, ndipo mphamvu yake ndi ya horsepower imodzi kapena ziwiri basi. Chimene ndimazikondera pa nyanja yathuyi n'chakuti zimazizira ndi mphepo, osati madzi. Chilwa ndi yosaya, yamatope, ndipo injini yopopa madzi kuti izizire imatsekeka msanga ndi matopewo. Iyi ilibe vuto limenelo. Imapepukanso moti mukhoza kuinyamula paphewa n'kukagona nayo kunyumba.

Posankha makina, tengani a mpini wowongoka, omwe mkati mwake muli shafiti yachitsulo cholimba. A mpini wokhota aja mkati muli chingwe chachitsulo chopindika, ndipo chikakumana ndi kulemera kwa madzi sichichedwa kuduka.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa pulopela, chitsulo cha mapiko chomwe chimazungulira m'madzi n'kukankha bwato. Injiniyi inapangidwa kuti izizungulira mofulumira kwambiri, kupitirira ka 7,000 pa mphindi, chifukwa udzu ndi wopepuka. Madzi ndi olemera. Munthu akaona kuti bwato likuchedwa amaganiza kuti mankhwala ake ndi pulopela yaikulu, osadziwa kuti akuipha injini. M'makinamo muli kalachi, yolumikiza injini ndi shafiti, yomwe imagwira yokha injini ikafika pa liwiro lokwanira. Pulopela ikakula, injini imalephera kufika pa liwirolo, kalachi n'kumangoterereka, kutentha, mpaka kupserera. Ndinaona mnyamata wina atawotcherera pulopela ya injini yaikulu ya boti pa makina ake atsopano. Sanafike patali, utsi unayamba kutuluka, ndipo anabwerera ndi nkhafi. Ndalama zimene anataya tsiku lija zinandiwawa ngati zanga.

Njira zilipo ziwiri. Ngati mukusiya kagiya kakumapeto kwa mpini momwe kalili, kamene kamangochepetsa liwiro pang'ono, ikani pulopela yaing'ono ya mapiko awiri, yosaposa chikhatho chanu. Njira yabwino koposa ndi kupeza giya yochepetsa liwiro katatu kapena kuposerapo, kuti injini izithamanga momwe imafunira pamene pulopela yokulirapo ikuzungulira modekha koma mwamphamvu. Khutu lanu likuuzani: mukaponda moto wonse injini izilira mopyapyala monga imachitira potchetcha. Ikamabuula, pulopela yakula.

Musanapite kwa owotcherera, onani kumene mutu wa makinawo ukuzungulira. Pa makina ambiri a mpini wowongoka nati yake imamangidwa mopotolera kumanzere. Mukapinda mapiko molakwika bwato lizibwerera m'mbuyo. Pulopela muigwirize ndi kachitsulo kofewa kopingasa, kuti ikagunda chitsa kapena kukodwa mu ukonde, chiduke n'kachitsuloko osati giya.

Kagiya kaja sikanapangidwire kukhala m'madzi. Madzi a Chilwa ndi amchere chifukwa mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Phalombe imangothiramo, palibe mtsinje wotulutsa. Akalowa m'kagiyamo dzimbiri silichedwa. Dzazani girisi wosasungunuka ndi madzi, ndipo pochokera kunyanja tsukani mpini ndi madzi a pamjigo, muumitse, muwonjezere girisi.

Pomangirira, bwato losema lilibe thabwa lakumbuyo ngati boti, choncho pingasani thabwa lolimba chakumapeto n'kulimanga ndi mabawuti. Injini ikhale pa chitsulo chotha kutembenukira mbali zonse komanso kukwera ndi kutsika, mpini utapendekera m'madzi chakumbuyo. Ndi momwe amachitira ku Thailand ndi maboti awo a mchira wautali, ndipo m'madzi osaya ngati athu zimathandiza: mukafika pa zomera kapena pamatope mumangotsitsa chogwirira, pulopela n'kutuluka m'madzi. Injini yokha isanyowe. Ndipo imangireni chingwe ku bwato.

Za mafuta, zambiri mwa injinizi ndi za two-stroke, zofuna petulo wosakaniza ndi oyilo wake wa 2T. Tsatani muyeso wolembedwa pa makina anu. Akati 25:1 ndiye mamililita 40 a oyilo pa lita imodzi ya petulo. Akati 50:1 ndi mamililita 20. Oyilo wakuda wotsala m'galimoto musayerekeze n'komwe. Sakanizirani kumtunda, osati pamadzi, pakuti matemba, makumba ndi milamba zimene tikudya zimakhala m'madzi omwewo. Potchetcha injini imapumira, koma panyanja imakoka osalekeza, ndiye musamaiponde moto wonse ulendo wonse, ndipo muzichotsa zinyalala pa timipata tolowera mphepo.

Tsono za moyo wanu. Ikani chozimitsira cha chingwe chomangirira padzanja, kuti mukagwera m'madzi injini izime yokha. Pulopela yaing'onoyo imadula mwendo ngati mpeni. Nkhafi ndi nsungwi zisatsale kumtunda, pulagi yapadera ndi sipanala yake zikhale m'thumba louma, jekete yoyandamitsa muivale. Mphepo ikayamba, nyanja yosaya imautsa mafunde aafupiafupi amene kainjini aka sikangalimbane nawo. Tsiku lotero khalani kumtunda.

Poyesa koyamba, yeserani pafupi ndi doko, pamadzi olekeza m'chiuno, muli ndi mnzanu. Musanatero kaonaneni ndi a komiti ya padoko ya BVC komanso a ofesi ya usodzi, akuuzeni zofunika pa bwato la injini ndi malo oswanirana nsomba amene simuyenera kupitako ndi phokoso. Amene tinaona nyanjayi itauma mu 1995 ndi 2018 tikudziwa kuti nsomba zimabwerera kuchokera m'madambo ndi m'mathiriro a mitsinje, ndipo kumeneko ndikupempha kuti muzizimitsa injini n'kupalasa ndi manja.