Buku la corporate finance muziliwerenga ndi pensulo m'manja

Anzanga a kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje amene mwayamba kumene maphunziro a zachuma cha makampani (corporate finance), chonde bukuli musamaliwerenge ngati nyuzipepala.

M'mutu uliwonse mumakhala zitsanzo zoti wolemba wawerengetsa kale. Phimbani yankho ndi kapepala, muwerengetse nokha, kenako muone pamene mwasemphana naye. Ine ndinkazilumpha, ndipo mutu wa time value of money (mfundo yoti ndalama ya lero imaposa ndalama yomweyo ya m'tsogolo) unandisowetsa tulo mpaka tsiku lomwe ndinafufuta madola n'kulembapo makwacha. K110,000 ya chaka chamawa, chiwongoladzanja chikakhala 10 peresenti, ndi K100,000 lero: mwangogawa ndi 1.1. Mabukuwa amakonda chiwongoladzanja chotsika, pomwe kumabanki athu n'chokwera, choncho yesaninso ndi 25 peresenti. Ndalama yomweyo yatsika kufika pa K88,000.

NPV (net present value, njira yoonera ngati kulowetsa ndalama pa ntchito inayake kuli ndi phindu) ikakuvutani, yang'anani minda ya tiyi ya m'mbali mwa msewu wa ku Luchenza. Mbande imadya ndalama lero, koma masamba othyola amadza patapita zaka. Funso la mutu wonsewo n'lakuti phindu lakutsogololo, mukalibweza ku mtengo wa lero, likuposa zomwe mwalowetsa?

Kumapeto kwa buku kumakhala matanthauzo a mawu ndi mayankho a mafunso ena. Mayankhowo muziwaona mutavutika kaye. Mukafika pa ma ratio (kuyerekeza manambala a kampani pogawa ina ndi inzake), tengani lipoti lapachaka la Illovo kapena National Bank, makampani omwe ali pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, muwerengetse ndi manambala enieni.