Momwe mungapangire chokoleti chothyola cha mtedza ndi mchere kunyumba

Chokoleti chothyola, chimene m'mabuku a zophikaphika amachilemba kuti chocolate bark, sichifuna mazira, ufa kapena uvuni. Mumasungunula chokoleti, n'kuchiyala pathileyi, n'kuwaza mtedza ndi mchere pamwamba, kenako n'kuchisiya chiume. Chikauma mumachithyolathyola ndi manja. Komabe anthu awiri akhoza kugula zinthu zofanana, wina n'kutulutsa chonyezimira chimene chimalira kuti tswa pochithyola, wina n'kutulutsa chotuwa, chofewa, chomata zala. Chimene chimawasiyanitsa ndi mmene asamalira kutentha komanso mmene apewera madzi. Popeza chokoleti chinakwera mtengo kwambiri, makamaka kuyambira mu 2024 pamene koko anapitirira madola 10,000 pa tani chifukwa cha kuchepa kwa zokolola ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana, ndi bwino kudziwa zinthu ziwirizi musanatsegule paketi.

Zofunika kugula

Pathileyi ya masentimita 25 m'lifupi ndi 30 m'litali pamafunika magalamu 450 a chokoleti. Muyeso umenewu umapereka chokoleti chochindikala pafupifupi mamilimita 5, chimene chimathyoka bwino koma osasweka chokha pochinyamula. Pamwamba pake mudzafuna magalamu 120 a mtedza wosenda, magalamu 60 a shuga, masupuni aakulu awiri a madzi, supuni yaing'ono imodzi ya batala, magalamu 50 a makademiya, magalamu 40 a mabisiketi amchere ophwanyaphwanya, ndi theka la supuni yaing'ono la mchere wamibulu. Mango ouma oduladula magalamu 40 amawonjezera kakuwawasa kabwino, koma mukhoza kuwasiya.

Pogula chokoleticho tembenuzani paketi muwerenge zolembedwa kumbuyo. Ngati palembedwa cocoa butter, amenewo ndi mafuta a koko enieni, ndipo chokoleti chimenecho ndi chokoma kwambiri koma chimafuna kuchisamala pa kutentha. Ngati mafuta a koko palibe, pangolembedwa vegetable fat kapena palm kernel oil, chimenecho ndi chokoleti chophikira chotchipa. Chimauma chokha popanda vuto ndipo chimapirira dzuwa, kungoti chimasiya kaphula m'kamwa. Nambala ya peresenti imene imalembedwa patsogolo imasonyeza kuchuluka kwa koko. Cha pakati pa 55 ndi 65 peresenti ndicho chimagwirizana bwino ndi mtedza wa shuga. Cha 70 peresenti kupita m'mwamba chimawawa ndipo ana ambiri amachikana. Chokoleti cha mkaka n'chotsekemera kale, choncho mukasankha chimenecho musayikenso shuga pamtedza, ungokhala wokazinga wothira mchere. Pewani chokhala ndi zofewa mkati monga kalamelo kapena jamu. Pewaninso paketi yopindika kapena yosonyeza kuti inasungunukapo pashelefu n'kuumanso, chifukwa mudzafuna chokoleti chonyezimira pa gawo lofunika kwambiri la ntchitoyi.

Yambani ndi zowaza pamwamba

Chokoleti chikafika poyala sichidikira munthu, ndiye zonse zowaza zikhale zokonzeka ndiponso zozizira musanayambe kusungunula.

Mtedza muusankhe kaye palichero. Chotsani njere zonse zofota, zoboola ndi zimene zili ndi chuku, chifukwa poizoni wa aflatoxin amene amabwera ndi chuku satha ndi kukazinga. Mtedza wa njere zikuluzikulu monga Chalimbana kapena CG7 umaoneka bwino pachokoleti. Ukazingeni pachiwaya chouma pamoto wochepa, mukutakasa kosalekeza kwa mphindi 12 mpaka 15, mpaka khungu litayamba kusupuka ndipo mkati mwafiirira pang'ono. Ngati muli ndi uvuni, madigiri 165 kwa mphindi zomwezo akukwana. Ukazizira upukuseni m'manja, mupete makoko onse. Khoko likatsala limawawa.

Makademiya, amene amalimidwa kwambiri ku Thyolo, Mulanje ndi Ntchisi, ali ndi mafuta opitirira 70 peresenti ndipo amapserera msanga kuposa mtedza wamba. Akazingeni paokha, pamoto wochepa kwambiri, kwa mphindi zosapitirira 8, kenako muwadule pakati.

Tsopano kuveka mtedza shuga. Ikani shuga ndi madzi aja m'poto wochindikala pansi, ziwire mpaka shuga atasungunuka yense. Thirani mtedza ndi kamchere kotsina ndi zala, n'kumatakasa ndi mthiko. Pakapita mphindi zitatu kapena zinayi madzi amauma ndipo shuga amasanduka woyera, wokhakhala, wokakamira kumtedza. Ambiri amaphula apa poganiza kuti zalakwika, chonsecho m'pamene ntchito yafika pakati. Chepetsani moto, pitirizani kutakasa. Shuga woyerayo ayambanso kusungunuka n'kusanduka wofiirira wonyezimira. Njere zambiri zikavala mtundu umenewu phulani, ponyani batala uja kuti njere zisamatirirane, ndipo khuthulirani pathileyi yopaka mafuta pang'ono, mukuzimwaza ndi foloko. Musazikhudze ndi chala. Shuga pamenepa watentha kupitirira madigiri 160 ndipo amamata pakhungu. Akada kwambiri n'kuyamba kufuka utsi ndiye kuti wapserera, amawawa, ndipo palibe chowukonza. Mtedzawo ukazizira uduleni mokhakhala ndi mpeni.

Mchere umafuna chisamaliro chake. Mchere wosalala wa patebulo umalowerera m'chokoleti chonse n'kuchichititsa kumveka ngati chathiridwa mchere mwangozi. Chimene tikufuna ndi timibulu tokhala pamwamba, tofika palilime poyamba, tochepetsa kuwawa kwa koko ndi kutulutsa kutsekemera kwake. Tengani mchere wamibulu, muuumitse pachiwaya kwa mphindi ziwiri chifukwa wa pamsika nthawi zambiri umakhala ndi chinyezi, kenako muuphwanye ndi botolo pathabwa mpaka timibulu titachepa kufika pa msinkhu wa njere za chitowe.

Yalani pepala lophikirapo makeke pathileyi. Likasowa, foyilo yoyala bwino mosakwinyika imagwira ntchito. Musapake mafuta kapena majarini.

Kusungunula

Dulani chokoleti chonse tizidutswa tating'ono tofanana. Gawani pawiri: magalamu 300 alowe m'mbale yosungunulira, magalamu 150 akhale pambali, ndipo amenewa muwadule bwinobwino kuposa enawo.

Thirani madzi ochepa m'poto, okwera masentimita 3 okha, muwatenthetse mpaka atayamba kutulutsa nthunzi koma osabwata. Khazikani mbale yachitsulo kapena yagalasi pakamwa pa potoyo. Mbaleyo itseke pakamwa ponse ndipo pansi pake pasakhudze madzi. Pambaula moto suchepetseka msanga, choncho njira yabwino ndi kuwiritsa madzi, kuphula poto, n'kukhazika mbale ya chokoleti poto ali pansi. Kutentha kotsalako n'kokwanira.

Mbale, supuni, mpeni ndi manja zikhale zouma gwa. Dontho limodzi la madzi likagwera m'chokoleti chosungunuka, shuga wa mkatimo amanyowa n'kugwirana, ndipo chonse chimasanduka chibuma chokhakhala m'kanthawi kochepa. N'chifukwa chake simuvundikira mbaleyo, poti nthunzi imadontha kuchokera kuchivundikiro. Mthiko wa nsima kapena wa ndiwo musaugwiritse ntchito apa, chifukwa mtengo umasunga chinyezi ndi fungo la anyezi. Supuni yachitsulo ndiyo yabwino. Zikachitika kuti chagwirana, chothyola sichingapangikenso, koma musataye: thiranimo mkaka wotentha supuni imodzi imodzi mukutakasa, chisanduka chopaka pakeke kapena chothira pa zitumbuwa ndi nthochi.

Takasani pang'onopang'ono mpaka tizidutswa tonse titasungunuka. Chokoleti chakuda chifike pakati pa madigiri 45 ndi 50, cha mkaka ndi choyera chisapitirire 45. Kupitirira apo chimayamba kulimba ndi kununkha kupserera. Amene ali ndi mayikulowevu achepetse mphamvu pakati, azitenthetsa masekondi 20 okha n'kutulutsa kutakasa, mobwerezabwereza.

Kutsitsa kutentha, pamene pagona ntchito yonse

Mafuta a koko akamauma amatha kugwirana m'njira zingapo zosiyana. Njira imodzi yokha ndi imene imapereka chokoleti chowala, cholimba, chosungunuka pa madigiri pafupifupi 34, kutanthauza kuti chimapirira m'manja koma chimasungunuka m'kamwa. Chokoleti cha m'paketi chimabwera chitagwirana kale m'njira imeneyi. Mukachisungunula mwaiphwasula, ndipo mukangochisiya chiume chokha chimagwirana mwachisawawa. Magalamu 150 munasunga aja ali ngati mbewu: mukawaponya m'chosungunukacho amatsogolera mafuta onse kuti agwirane mofanana nawo. Ophika makeke amatchula ntchito imeneyi kuti tempering.

Chotsani mbale papoto, pukutani pansi pake ndi kansalu kouma. Ponyanimo chokoleti chosungacho dzanja limodzi limodzi, mukutakasa osaleka, mukupala m'mbali mwa mbale. Dzanja loyamba limasungunuka msanga, lomaliza limachedwa, ndipo kuchedwako ndi chizindikiro chabwino. Zimatenga mphindi 10 mpaka 15. Musafulumire, ndipo musaike mbale m'madzi ozizira kapena m'fuliji kuti muchepetse nthawi. Chakuda chitsike kufika pa madigiri 31 kapena 32, cha mkaka pa 29 kapena 30, choyera pa 28 kapena 29. Tizidutswa tikakana kusungunuka kutentha kutafika kale, tivuuleni ndi foloko. Chikalimba kwambiri musanayale, bwezerani mbale papoto kwa masekondi 5 okha n'kutakasa. Chikapitirira madigiri 34 mbewu ija yafa, ndipo muyenera kuponyamonso tizidutswa tina tosasungunula.

Choyezera kutentha cha kukhitchini chimathandiza kwambiri, koma chikasowa pali mayeso awiri. Donthezani pang'ono pansi pa mlomo wanu wam'munsi: chikamveka chofunda sichinafike, chikamveka chozizirira pang'ono chafika. Kenako viikani nsonga ya mpeni muisiye patebulo. Ngati m'mphindi 3 mpaka 5 chauma, chili chosalala chopanda mizere yotuwa, yalani. Ngati chikadali chonyowa, pitirizani kutakasa.

Chokoleti chophikira cha vegetable fat chija sichifuna zonsezi. Sungunulani chonse pamodzi n'kuyala.

Kuyala ndi kuwaza

Khuthulirani chokoleti pakati pa pepala, muchifalitse ndi kumsana kwa supuni mpaka chitafika pa masentimita 25 ndi 30 aja. Nyamulani thileyi muigogode patebulo kawiri kapena katatu kuti mpweya utuluke ndipo pamwamba pasalale. Kuchokera apa muli ndi mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Yambani ndi zolemera, mtedza ndi makademiya, kenako mabisiketi ndi mango, ndipo muzidinikize pang'ono ndi supuni kuti zilowe theka. Zikangokhala pamwamba zimayoyoka pothyola. Siyani mipata yoti chokoleti chizioneka. Kudzaza thileyi yonse kumachititsa kuti chisweke n'kukhala zinyenyeswazi.

Mchere ndiwo womaliza. Dikirani mpaka kunyezimira kwa madzimadzi kutayamba kuchepa m'mbali, kenako muwaze dzanja lili m'mwamba ndithu kuti umwazike paliponse osaunjikana. Mukafulumira umamira, mukachedwa sugwira. Theka la supuni yaing'ono likuoneka lochepa, koma kumbukirani kuti mabisiketi ndi mtedza zili kale ndi mchere. Okonda zowawa akhoza kusakaniza mcherewo ndi kaufa ka tsabola wa kambuzi wouma kongokwana pansonga ya mpeni. Ufa wa malambe wosefa pang'ono pamwamba pa chokoleti choyera umadula kutsekemera kwake bwino kwambiri. Zipatso zaziwisi monga nthochi kapena chinanazi zisayandikire, zili ndi madzi.

Kuumitsa ndi kusunga m'nyengo yathu

Chokoleti chimauma bwino m'chipinda cha madigiri 18 mpaka 22, ndipo chimatenga mphindi 30 mpaka ola limodzi. Mu Juni ndi Julaye zimenezi zimatheka popanda fuliji m'madera ambiri. Mu Okutobala ndi Novembala gwirani ntchitoyi m'mamawa kapena usiku, kutali ndi mbaula, kenako ikani thileyi m'fuliji kwa mphindi 10 mpaka 15 zokha. Kumadera otentha kwambiri monga Nsanje, Chikwawa ndi m'mphepete mwa nyanja, ngati mukupanga chogulitsa kapena chopita nacho kuukwati nyengo yotentha, chophikira chija n'chimene chingafike chili chilili.

Chikauma chimadzimatula chokha papepala. Chithyoleni mutachigwira ndi pepalalo kuti zala zisasiye zidindo, zidutswa zikhale zazikulu mosiyanasiyana.

Mukaona kutuwa pamwamba, pali zifukwa ziwiri. Mizere yotuwa yoterera mukaikhudza ndi mafuta a koko amene akwera pamwamba chifukwa kutentha sikunatsitsidwe bwino, kapena chokoleti chinafewa n'kuumanso, monga zimachitikira m'fuliji magetsi akamathimathima. Kutuwa kokhakhala ngati fumbi ndi shuga: chokoleti chozizira chinatuluka pamphepo yofunda, chinachita thukuta, thukutalo linasungunula shuga n'kuuma. Zonse ziwiri sizidwalitsa, zimangowononga maonekedwe. Kuti mupewe thukuta, sungani zidutswa m'chitini kapena m'kontena yotseka bwino, mutalekanitsa mizere ndi pepala, ndipo mukaitulutsa m'fuliji muisiye kwa ola limodzi isanatsegulidwe. Musaike pafupi ndi nsomba kapena anyezi, chokoleti chimakoka fungo. Chimakhala bwino kwa milungu iwiri, ngakhale kuti mabisiketi ndi shuga wa pamtedza zimayamba kufewa pakatha sabata imodzi, makamaka nthawi ya dzinja.

Popatsa alendo kapena pogulitsa, nenani kuti muli mtedza, chifukwa pali anthu amene matupi awo amadana nawo moopsa. Ana osakwana zaka 5 musawapatse zidutswa za njere zathunthu poopa kutsamwa, ndipo zotsala musaponyere galu, poti chokoleti ndi makademiya zonse ndi poizoni kwa agalu.