Momwe mabungwe angagwirire ntchito limodzi ngozi ikagwa

Mu 1970 moto wolusa unawononga nyumba mazanamazana ku California. Ozimitsa moto analipo ambiri, koma gulu lililonse linali ndi bwana wake, katchulidwe kake ka zinthu ndi wailesi yake, ndiye sankamvana. Pamenepo ndi pomwe panabadwira dongosolo lotchedwa Incident Command System, lomwe maiko ambiri amatsatira lero. Mfundo zake zimagwira kulikonse, kaya ndi pa chivomerezi, namondwe kapena mliri.

Choyamba, sankhani wotsogolera ngozi isanagwe. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Apolisi, asilikali, azaumoyo ndi mabungwe othandiza akhale pansi kukadali bata, alembe kuti madzi akasefukira alamula ndani, mliri ukabuka alamula ndani. Inde, mutu umodzi susenza denga, koma anthu khumi akalisenza popanda wowauza kolowera, denga limagwa ndithu. Ngati mabungwe awiri ali ndi mphamvu zofanana, akuluakulu awo akhale m'chipinda chimodzi ndipo atulutse lamulo limodzi. Wogwira ntchito aliyense azimvera bwana mmodzi yekha, ndipo bwana aliyense aziyang'anira anthu osapitirira 7. Anthu asanu ndiye chiwerengero chabwino. Akachuluka, gawani gululo.

Kenako gawani ntchito molingana ndi luso. Bungwe la United Nations linachita izi mu 2005: WHO imatsogolera za umoyo, UNICEF za madzi ndi ukhondo, WFP za kayendedwe ka katundu. Inunso lembani pepala limodzi losonyeza amene akuchita chiyani komanso kuti. Pepala limeneli limaoneka ngati lachabe, koma ndi lomwe limaletsa kuti msasa wina ulandire mabulangete katatu pomwe wina sunaonepo galimoto ndi imodzi yomwe.

Chachitatu ndi kulumikizana. Pa 11 September 2001, zigawenga zitaomba nyumba zazitali ndi ndege ku New York, apolisi ndi ozimitsa moto analephera kupatsana uthenga bwinobwino pa mawailesi awo. Yesani zida zanu pamodzi, lankhulani mawu omveka kwa aliyense osati zizindikiro za bungwe lanu lokha, ndipo konzani njira ina netiweki ya mafoni ikafa. Wolankhula ndi atolankhani akhale mmodzi.

Chitani zoyeserera kamodzi pachaka kapena kuposerapo, ndipo muitane anthu okhala m'malo angozi, chifukwa ndiwo amayamba kupulumutsa anzawo ambulansi isanafike.

Ngozi ikatha, kumanani zinthu zisanaiwalike. Aliyense anene chomwe chinavuta popanda kulozana zala, chifukwa munthu woopa kudzudzulidwa amabisa cholakwa. Zomwe mwapezazo zilowe m'ndondomeko, ndipo pa mfundo iliyonse mulembe dzina la woikonza ndi tsiku loti akhale atamaliza.