Kupanikiza burashi pa makina okwecha pansi: yambani ndi mphamvu yochepa

Pansi pakakana kuyera, oyendetsa makina ambiri amathamangira kuwonjezera mphamvu yopanikizira burashi. Koma chimene chimachotsa litsiro ndi nsonga za tsitsi la burashi. Mukapanikiza kwambiri, tsitsilo limagona n'kumangoseseleka pamwamba pa dothi. Mota imatentha ndi kukoka magetsi ambiri, batire limatha ntchito isanathe, ndipo swichi yoteteza mota imadula. Ikadula, musaibwezeretse msangamsanga: dikirani mota izizire, chepetsani mphamvu, ndipo onani ngati pulasitiki kapena chingwe sichinakulungike pa shafuti, chitsulo chimene chimazungulitsa burashi.

Makina ambiri oyenda nawo wapansi amapanikiza ndi makilogalamu pakati pa 20 ndi 50. Ena ali ndi batani la magawo awiri kapena atatu, ena chopondera kapena sipuling'i yomanga ndi nati. Pa matailosi, pa epoxy (utoto wolimba wopaka pansi) ndi pansi popaka polishi, gawo loyamba limakwanira ntchito ya tsiku ndi tsiku. Lapamwamba lisungireni simenti yokakala ya m'fakitale kapena girizi wouma, ndipo mukadutsa malowo bwererani pa gawo loyamba.

Musanakhudze batanilo, sesani kaye, chifukwa mchenga wotsala umakanda pansi. Kenako onani mtundu wa padi, chokwechera chofewa chozungulira chimene chimaikidwa m'malo mwa burashi. Yoyera ndi yowalitsira, yofiira ndi ya masiku onse, yabuluu kapena yobiriwira ndi yokwechera kwambiri, yakuda ndi yochotsera polishi. Padi yakuda yopanikizidwa kwambiri ikhoza kudya polishi pa ulendo umodzi wokha. Pamene litsiro lamatirira, kwezani mphira wokoka madzi, zimitsani chopopera choyamwa madzi akuda, dutsani mukukwecha ndi kuthira madzi a sopo, ndipo muwasiye mphindi 5 koma asaume. Dutsaninso pang'onopang'ono mphira uli pansi. Nthawi zambiri njira imeneyi imaposa kupanikiza. Sopo akhale wosachita thovu, apo ayi thovu lilowa mu mota ya chopopera.

Maburashi amene amazungulira chogona ngati mpukutu amafuna mphamvu yochepa kuposa aphwatalala ngati mbale, chifukwa amagunda pansi pa kamzere kakang'ono ndipo amathamanga kwambiri. Kuwayesa n'kosavuta. Pakani choko pa simenti yosalala, tsekani madzi, tsitsani maburashi azungulire pamalo amodzi masekondi 15 mpaka 20, kenako akwezeni n'kusuntha makina. Mizere iwiri imene maburashi awiriwo asiya pa choko ikhale yofanana m'lifupi kuyambira uku mpaka uko. Mzere ukakula mbali imodzi n'kuchepa mbali ina, mutu wa makina, pamene pamakhala maburashi, wapendekeka. Zimitsani, chotsani kiyi, ndipo wongolani ndi mabawuti amene buku la makinawo likusonyeza. Mzere wina ukaposa unzake, ndiye kuti burashi imodzi ikusenza katundu yokha ndipo itha msanga.

Tsitsi likafupika kufika pafupifupi sentimita imodzi, gulani burashi ina. Kupanikiza burashi yotha kumangogunditsa thunthu lake pansi. Makina akaima, ngakhale kwa kanthawi, kwezani burashi, chifukwa ikamazungulira pamalo amodzi imasiya chizindikiro chozungulira pa polishi. Poweruka itsukeni ndi kuipachika. Ikagona usiku wonse itapsinjika, tsitsi limapindikira mbali imodzi ndipo m'mawa makina amanjenjemera.